Tinkhanambo pa Mtengo wa Malemu

Mtsikanayo analowa pageti osaodira. Anangolunjika pamtengo wamaluwa umene unali pafupi ndi zenera, n'kuyamba kutembenuza masamba ake.

Mayi wamasiye, mwini nyumbayo, anasiya kuchapa. Mtengowo unabzalidwa ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, yemwe ankautchula Kanyenyezi. Mnyamatayo anali atalonjeza kuti adzabwera ndi munthu woti amayi ake amuone, koma matenda anafulumira kumutenga. Tsopano masamba anali atada bii ngati apakidwa mwaye, ena akuyoyoka, ndipo alamu awo anali atanena kale kuti abwera ndi nkhwangwa.

"Mwana iwe, pano wapayesa pamsika?"

"Pepani amayi. Tabwerani muone."

Pa tinthambi panali tinkhanambo tofiirira, tothithikana. Mtsikanayo anakanda kamodzi ndi chikhadabo, kanasendeka n'kusiya kadontho konyowa.

"Ndimayesa ndi makungwa," anatero mayiwo. "Ndakhala ndikungothirira."

"Ndi tizilombo. Timabisala m'kachigoba n'kumayamwa mtengo. Zomata zimene timatulutsa ndizo zikudetsa masambawa. Nyererezi zimadzanyambita, n'kumatiteteza ngati ziweto zawo."

"Ha! Nyerere nazo zili ndi khola?"

Mayiwo anasekako pang'ono, koyamba chichokereni kumanda.

Mtsikanayo anapempha sopo, timafuta tophikira ndi mswachi wakale. Mswachi umene unapezeka unali wa malemu. Anauyang'ana nthawi yaitali asanauviike. Nthambi zouma anazidula n'kuzitentha, zotsalazo anazikwecha imodziimodzi, ndipo pathunthu anakulungapo kansalu kopaka girizi kuti nyerere zisakwere. Kuyambira tsikulo ankabwera dzuwa likapepa, osanena kwawo. Akafunsidwa dzina ankangoweramira masamba.

Tsiku la nkhwangwa linafika. Mtengowo unali utatsala ndi nthambi ziwiri zokha.

"Mlamu, izi ndi nkhuni," anatero alamuwo. "Mukudzizunziranji?"

Mtsikanayo anapala khungwa pang'ono. Mkati munali mobiriwira. Alamuwo anapukusa mutu, nkhwangwa paphewa, ulendo.

Mayiwo anasisita thunthulo. "Wapulumuka, Kanyenyezi."

Mswachi unagwa pansi. Mtsikanayo anali akulira mosatulutsa mawu.

"Ndiwe yani, mwanawe? Lero usandibisire."

"Tinakaugula limodzi ndi mwana wanu uli m'kachitini. Anati mtengowu ubwere kuno poyamba, muuzolowere, ine ndidzabwere pambuyo." Anapukuta misozi ndi dzanja la thovu. "Kanyenyezi ndine, amayi."