Tsiku Limene Gilibati Anamana Mlamu Wake

Efulemu anatsika minibasi pa Mitundu nsapato imodzi ili kuphazi, inayo ili m'manja. Chala chachikulu chinali chitatupa ngati mbatata. Anatsimphina mpaka kwa mlamu wake Gilibati, munthu amene mudzi wonse unkamudziwa kuti samana. Khasu, ngolo, mbewu, zonse zinkangoyenda m'makomo mwa anthu, mwini wake akuti kupatsa n'kuika.

"Alamu, nyamakazi yanu ija yandipeza," anatero Efulemu. "Kanyenya wa mbuzi ndimaotcha pa Nathenje uja wanditembenukira. Mundigawireko mapiritsi anu."

Gilibati analowa m'nyumba n'kutenga botolo, poti dzanja linazolowera kupereka. Koma pakhomo anaima. Tsiku limene adokotala ankamuyambitsa mankhwalawa, otsitsa asidi wa m'magazi amene amatupitsa mfundo, anayamba amuyeza impso. Anati mlingo umatengera mphamvu ya impso za munthu, ndipo woyenera wina ukhoza kupweteka mnzake wa impso zofooka. Nanga Efulemu si uja ankadandaula za kuthamanga kwa magazi ndi mapazi otupa?

Mtima unamuwawa. Kumana mchimwene wa mkazi wake timapiritsi chabe!

"Sindikupatsani," anatero, botolo n'kuliponya m'thumba.

"Inuyo? Kanyenya yense mwandidyera uja?"

"Kwerani njinga, alamu. Safunsa anadya phula."

Njira yonse ya kuchipatala Efulemu ankang'ung'udza pakaliyala, akuuza aliyense wodutsa kuti dziko latha, Gilibati wayamba kumana. Mwini wake ankangopalasa, manyazi ndi thukuta zili limodzi.

Magazi atayezedwa, impso za Efulemu zinapezeka zitayamba kufooka. Adokotala anamulembera mlingo wochepa kwambiri, anamuuza kuti azimwa madzi ndi kubwera kudzayezetsa, ndipo mapiritsi opha ululu ogula m'magolosale awasiye. Pobwerera, Efulemu anakwera pakaliyala atafumbata mankhwala ake.

Nyengo ya mvula itatha, Gilibati anadzera pa Nathenje. Anapeza mlamu wake ali pachiwaya, nsapato zonse ziwiri zili kuphazi, chigubu cha madzi chili pambali.

"Onani, afika omana aja!" anafuula Efulemu, anzake n'kuseka.

"Eya, ndafika. Kanyenya wanga ali kuti?"

"Sindikupatsani," anatero Efulemu, n'kumuikira m'manja chimanga chootcha.

Gilibati anakhala pabenchi n'kuyamba kukukuta, mtima uli m'malo.