Pansi pa Mkeka Wopepesera

Tinafika pakhomo pa a Leota kusanache. Amuna anga, a Malaki, anagwada pabwalo, abale n'kuwafunditsa mkeka wopepesera, monga timachitira kuno ku Samoa. Galimoto ya amuna angawo ndi imene inagunda mwana wa a Leota, ndipo mwanayo anafera pomwepo. Aferedwa akapanda kuvundukula mkekawo, ndiye kuti akana kukhululuka.

Dzuwa linakwera. Ine ndinakhala kumbuyo, khanda lili pabere, maso ali pa Pelenato, mkulu wake wa malemuyo, amene ankanola chikwanje pakhonde.

"Apse momwemo ngati nkhumba yowotcha!" anakuwa.

Milomo yanga inkangoti, "Ambuye, tikhululukireni."

Kenako a Leota anatuluka akukoka miyendo. Pelenato anawaimira kutsogolo.

"Bambo, mwaiwala kale?"

"Sindinaiwale, mwana wanga. Koma Lamulungu ndikadya bwanji Mgonero, munthu nditamusiya padzuwa? Inenso Mulungu anandikhululukira zambiri. Tandipatsa njira."

Anawerama n'kugwira nsonga ya mkeka. Koma unawapulumuka. Anaugwiranso, n'kuukweza.

"Dzuka, Malaki. Lowa m'nyumba umwe madzi."