Zitosi za Kameta

Mphekesera inayambira pampopi. Akuti nkhuku zathu zapha mbande za tomato za Anti a Wigi, eninyumba athu. Pofika kugolosale nkhani inali itanenepa, akuti nkhukuzo ndimachita kuzituma ine. Ine! Mng'ono wanga yemwe sandimvera, ndiye nkhuku zindimvere?

Ife timachita lendi kuseri kwa nyumba yawo. Pakati pali timadimba tiwiri, kawo ndi kathu, komanso khola limene ndinamanga ndekha ndi waya wotola. M'kholamo muli Kameta, thadzi langa la khosi lopanda nthenga, ndipo nthawiyo n'kuti akukhalira mazira.

M'mawa Anti anatulukira manja ali m'chiuno.

"Amake mwana, nkhuku zichoke pano. Apo ayi, muchokere nazo limodzi."

Amayi anga ndi munthu woopa mikangano. "Pepani, mayi," anatero. "Tiyamba ndi yadazi ija. Tikupatsani, mukaphike." Kenaka anandituma mpeni.

Mpeniwo sindinakatenge. Ndinapita kukaona mbandezo. Inu, nkhuku ikalowa m'dimba imapalasa, imazula, masamba imasiya obookabooka. Koma izi zinali chiimire pamzere, masamba okha atapserera ngati awathira madzi otentha. Patsinde lililonse panali zitosi zaziwisi, fungo lake lolasa mphuno, timanthenga tili pomwepo. Apo ndinakumbukira chidebe changa. Ndikasesa m'khola, zitosi ndimakazitaya m'dzenje kuti ziwole kaye, chifukwa zaziwisi zimawotcha mbewu. Sabata yatha chidebe chodzadza chinasowa ndisanakataye, n'kudzabwerera chopanda kanthu.

Azimayi a pampopi anali atasuzumira kale pampanda, ndowa zikusefukira kumbuyo kwawo.

"Anti," ndinatero, "Kameta amayenda ndi chidebe?"

"Ukuti chiyani, mwana iwe?"

"Ndikufunsa. Chifukwa zitosi zake zafika pa tomato wanu aliyense, mwadongosolo, chonsecho iye sanatuluke m'khola. Kapena amathiriranso ndi keni?"

Wina pampanda anaphulika nako kuseka. Amayi ananditsina pamkono. "Khala chete, akuluakulu sayankhidwa choncho!"

"Anditsine, koma Kameta saphedwa. Anti akanandipempha, ndikanawapatsa manyowa owola a m'dzenje. Si masamba athu aja amawasirira tsiku ndi tsiku?"

Anti anakonza wigi, ngakhale sinapendeke. "Zitosi n'zitosi," anatero. "Ndipo zili pamalo panga."

"Eee, ndiye mwatenga ndinu!" anakuwa mayi wogulitsa makala, n'kuwomba m'manja ndi mnzake.

Anti analowa m'nyumba, chitseko mbwee! Za nkhuku sanazitchulenso. Mpaka pano sandiyankha moni, koma dzulo ndawaona akukumba kadzenje kuseri kwa bafa.

Amayi ndiye sanandikhululukire. Akuti ndachititsa manyazi munthu wamkulu pagulu, akuti pakamwa pangapa padzatigoneka panja, ndipo ndipite ndikapepese. Ndawauza kuti manyowa ndikawapatsa, ngakhale wilibala yonse, koma kupepesa ayi. Kameta waswa, anapiye akulira m'kholamo, ndipo mmodzi watengera khosi la amake.

Tandiuzani inuyo, mpeniwo mukanakautenga?