Wakuphunzitsa Ndani, Bertha?

Bertha ankayanika mpunga pamkeka kuseri kwa nyumba za apolisi ku Kaporo, atawerama, akuimba motsitsa kanyimbo ka Chinkhonde, pamene mkono unamuzinga pakhosi kuchokera kumbuyo.

Sanaganize kanthu. Thupi linachita lokha. Chibwano chinatsika n'kubisala m'kati mwa chigongono cha munthuyo kuti kholingo lisafinyike, manja onse awiri anakokera mkonowo pansi, mawondo anapindika, chidendene chinatera paphazi. Kenako anazungulira, natulutsira mutu kukhwapa, n'kupotokolera mkono uja kumsana. Munthuyo anagwa chafufumimba pampunga.

Anali Stanford, mwamuna wake, wapolisi wa ku Dedza amene anamukwatira chaka chisanathe. M'dzanja mwake munali ulusi woduka. Mkanda wofiira umene ankafuna kumuveka modzidzimutsa unali utamwazikira mumpunga monse.

"Mayo ine! A Stanford, mwapweteka?"

Mwamunayo anatembenuka akuseka, mankhusu ali m'tsitsi. "Iwe Bertha, ng'ombe zonse zija ndinalowolera msilikali?"

Anasekabe pang'ono, kenako kuseka kunaphwa. Anakhala tsonga, akusisita phewa, n'kumuyang'ana ngati mlendo. Kale akamunyang'amira chonchi, Bertha ankangokuwa n'kumugwera pachifuwa.

"Wakuphunzitsa ndani?"

"Palibe. Ndi mantha chabe."

"Mantha amakanda, mantha amaluma. Mantha sadziwa kubisa chibwano." Anatsitsa mawu. "Zimenezi ngakhale ife ku sukulu ya apolisi ku Zomba sanatiphunzitse. Amazidziwa ndi asilikali. Asilikali, ndi anthu ena amene sindifuna kuwatchula pabwalo pano."

Ambokile, mlongo wake wa Bertha, anali mmodzi wa anthu enawo. Anawoloka mtsinje wa Songwe kuthawira kunja kwa dziko chaka chimene nduna zinasemphana ndi boma, ndipo a Chipani analengeza kumsika kuti ndi chigawenga. Mvula itayamba anabwerera mwakachetechete, ataonda, atamva kuti mayi awo akudwala. Ankagona m'kati mwa nthochi za kumudzi, ndipo Bertha ankamupititsira mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, ponamizira kukaona wodwala. Kumeneko, pamasamba owuma, ndi kumene Ambokile ankamuzinga pakhosi mobwerezabwereza, amvekere, anyamata ofunsa makadi a Chipani masiku ano akugwira ndi akazi omwe, usalimbane ndi mkono, yamba wapulumutsa mpweya.

Dzina limenelo likangotuluka, Stanford anali ndi njira ziwiri: kukanena, Ambokile n'kutengedwa pa galimoto imene sibweza munthu, kapena kukhala chete, n'kudzatengedwa onse atatu.

Kumpanda kunasuzumira Hilda, mkazi wa sajeni, mtsuko uli kumutu. Khutu lake linkadyetsa laini yonse, ndipo zotsala ankakatula kwa mwamuna wake.

"Kwagwanji, a neba? Ndaona bwana akusambira mumpunga."

Hilda sanachoke.

Bertha anayang'ana Stanford. Anayang'ana khosi limene ankalisisita mafuta likapsa ndi kolala wa yunifolomu, milomo imene inkapunthwa pa Chinkhonde mpaka azakhali a Bertha kugwa ndi phwete. Anali asanamunamizepo china kupatula za Ambokile.

"Ndi msilikali," anatero mokweza, kuti zifike kumpanda. "Wa ku Chilumba."

"Ukuti chiyani?" anafunsa Stanford.

"Dzina lake Hudson. Tinkakumana ndikati ndikupita kwa amayi. Anamusamutsa, musavutike kumufuna."

Mtsuko wa Hilda unatayikira madzi paphewa. "Kalanga ine! Nkhope yofatsa ngati imeneyi!"

Stanford anaimirira pang'onopang'ono. Anafika pafupi kwambiri, mpaka Bertha anamva fungo la sopo amene anachapira malaya akewo dzulo. Maso ake anali ofiira, koma mkwiyo munalibe. Ankafufuza pankhope pake ngati munthu wofuna poponda pamtsinje wodzaza.

"Hudson," anabwereza. "A sajeni akakufunsa, udzanena zomwezo?"

"Zomwezo."

"Kwa ankhoswe? Kutchalitchi, pamaso pa azimayi a mvano?"

"Zomwezo, a Stanford."

Mwamunayo anagwedeza mutu. Anamugwira dzanja mwaukali ngati womukoka, ndipo milomo yake inayenda pang'ono chabe pafupi ndi khutu lake.

"Mawa tikukasaka m'nthochi zonse za kwanu. Atiuza lero."

Kenako anamukankha, n'kukuwa mawu amene anatulutsa akazi m'nyumba zonse za mulaini.

"Hule! Tenga nsanza zako uzipita kwanu! Dzuwa lisakulowere pano!"

Anamuponyera zitenje pakhomo chimodzichimodzi, ndi poto, ndi chipeso. Akazi anaima m'makonde atagwira pakamwa. Wina anati ankadziwa kale, atsikana a kuno maso ali pa nsapato za asilikali. Hilda analavula pansi.

Bertha anamanga mtolo wake osalira. Ankafuna kutembenuka, kunena mawu amodzi okha, ngakhale ndagha, zikomo wa kwawo. Koma maso onse aja akanawerenga nkhope yake, ndipo bodzalo linayenera kukhala lamoyo zaka zonse zimene Chipani chidzakhale chamoyo. Stanford sadzabwera kudzamutenga. Mwamuna wobweza mkazi wotere anthu amamufunsa chifukwa.

Anasenza mtolo n'kulowa njira ya m'madimba, akuyenda ngati wamanyazi. Mawu a mwamuna wake ankamutsatabe, akusasa, akutukwana msilikali amene sanabadwe. Nyumba zitabisika kuseri kwa mabango, Bertha anakwinya chitenje n'kuyamba kuthamangira ku nthochi za kwawo.