Theka la Bilu ya Foni

"Mayi, pepani, ngongoleyi sitingakupatseni," anatero kalaliki wa ku ofesi yobwereketsa ndalama, uku akutembenuza kompyuta kuti a Tsabola aone okha.

A Tsabola anali telala wa kuseri kwa msika, ndipo dzinalo silinawagwere mwangozi ayi, pakamwa pawo pankawawa. Anatsamira tebulo n'kuyang'anitsitsa. Panali dzina lawo lenileni, nambala ya chiphaso chawo, ndipo m'munsi mwake munandondozana timabokosi tofiira tisanu ndi tiwiri.

"Tofiirati n'chiyani?"

"Ndi miyezi imene simunalipire bilu ya foni. A kampani ya foni amatumiza zimenezi kumalo osunga mbiri ya angongole, ndipo ife tisanabwereketse munthu timayamba taona kumeneko."

"Ine osalipira? Mwana iwe, pukuta magalasi akowo uonenso bwino!"

Anapisa m'chikwama n'kutulutsa mpukutu wa malisiti womangidwa ndi kansanza kabuluu. Anawayala patebulo limodzilimodzi, onse asanu ndi awiri, lililonse la pa tsiku loyamba la mwezi.

Nkhani inali yakuti kampani ina yokonza magalimoto inawapatsa ntchito yosoka maovololo mazana awiri m'masabata anayi. Zaka khumi ndi zitatu akupinda mathalauza ndi kuika zigamba, ntchito yotere anali asanaigwirepo. Koma nsalu ya ovololo ndi yokhuthala, ndipo makina awo opalasa ndi phazi ankangothyola singano. Pankafunika makina aakulu amagetsi. Wogulitsa anavomera kuwasungira makinawo mpaka Lachisanu, ndipo tsikuli linali Lachiwiri.

Kalaliki anawerenga malisiti aja n'kupukusa mutu.

"Mayi, apa paliponse mwalipira theka."

"Eya, theka. Malonda atavuta ndinkapereka theka, osaphonya tsiku. Nanga cholakwika n'chiyani? Kwa ine kuno munthu akabweretsa theka la mtengo wa diresi, ndimadziwa kuti ndi munthu weniweni, sadzathawa. Wakuba sabwera ndi theka, mwana iwe."

"Kumeneko n'kwa inu. Kompyuta ikaona kuti bilu sinathe, imalemba kuti mwezi umenewo simunalipire."

"Ndiye kuti ine ndi uja amene sanaponyepo kalikonse, tili gulu limodzi?"

"Tofiirato n'tofanana, mayi."

Ha! A Tsabola anamanganso malisiti awo, n'kutuluka osatsanzika.

Kusitolo ya kampani ya foni anapeza mzere wofika pakhomo. Anaima pamenepo ola lathunthu, akufwenthera ngati ketulo. Atafika kutsogolo anapeza mtsikana wa zikhadabo zazitali zopaka utoto, amene anamvetsera nkhani yonse mwaulemu ndithu.

"Zinalembedwa mu mgwirizano umene munasaina potenga foniyi, mayi. Tsamba lachinayi."

"Tizilembo tija tating'ono ngati nsabwe? Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikubwera pa zenera lomwe lino. Ndalama zanga munkalandira ndi manja awiri, n'kumati zikomo mayi, muyende bwino. Panalibe ndi mmodzi yemwe woti anditsine khutu?"

"Tinkakutumizirani mauthenga pafoni."

"Mauthenga anu amabwera khumi pa tsiku, ena a nyimbo, ena a mpira, ena oti ndapambana galimoto. Ndiziwerenga zimenezo, kusoka ndisiyire ndani?"

Bambo wina wa chipewa amene anali kumbuyo kwawo anaseka. "Safunsa anadya phula, mayi."

A Tsabola anatembenuka. "Inu bambo, phula lanu likudikira pa zenera lomweli. Dikirani nthawi yanu."

Mzere wonse unafa nacho chiseko, ndipo bamboyo anatsitsira chipewa chake kumaso.

A Tsabola anamasula ndalama zimene anasungira ulusi ndi mabatani a maovololo aja, n'kulipira zotsala zonse pamodzi ndi chindapusa chake. Zinawapweteka kwambiri, koma anawerenga mokweza kuti aliyense amve.

"Ndamaliza. Tsopano fufutani tofiira tija."

Mtsikanayo anayang'ana pansi. "Tilemba kuti mwamaliza kulipira, ndipo kalata ndikupatsani. Koma zoti munachedwa sizifufutika lero. Zimakhalapo kwa nthawi ndithu. Mukamalipira yonse, pa nthawi yake, mbiri yanu idzayamba kuyera pang'onopang'ono."

"Pofika Lachisanu?"

"Ayi, mayi. Osati Lachisanu lino."

Kalatayo anapita nayo kwa kalaliki uja tsiku lomwelo. Iye anaiwerenga, n'kulowa nayo kwa abwana ake, n'kubwerako ndi nkhope yomwe ija. Anati abwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Lachinayi masana, a Tsabola ali pa makina awo akale, pakhomo pa shopu panada. Anali alamu awo, akulu ake a amuna awo, mwini wa malole awiri ndi mimba imodzi yaikulu. Kumbuyo kwawo kunali amuna a a Tsabola, munthu wofatsa wogwira ntchito ya ulonda, akufinya chipewa m'manja.

"Alamu, ndamva za tsoka lanu," anatero mkuluyo, akudzikhazika pa mpando wa makasitomala osauzidwa. "Bwanji osandiuza? Ine dzina langa ndi loyera ngati mkaka. Mawa m'mawa ndikasaina, masana makina ali muno."

Kunena zoona, a Tsabola anatsala pang'ono kugwada.

"Alamu, mwandichotsa manyazi. Ndidzabweza mwezi ndi mwezi, ndipo..."

"Dikirani kaye, sindinamalize." Mkuluyo anakweza chala. "Ngongole ili m'dzina langa, ndiye kuti makinanso ndi anga. A kampani ya magalimoto azilipira ku akaunti yanga, ine ndizikupatsani yanu pakutha pa mwezi. Chikwangwani chapanjachi tisintha, tilembepo dzina la banja. Ndalama zimafuna mutu wozizira, alamu. Mwaona nokha zimene mwachita ndi kabilu ka foni."

A Tsabola anayang'ana amuna awo.

"Bambo a m'nyumba, mwamva zimenezi?"

"Amayi, achimwene akungofuna kuthandiza," anayankha iwo, maso ali pa chipewa. "Ntchitoyi ndi yaikulu. Tikaitaya, ina yotere tidzaipeza kuti?"

Funso limenelo linali loona, ndipo n'chifukwa chake linabaya. A Tsabola anayang'ana khoma limene anapaka okha laimu, shelefu ya nsalu imene anakhoma okha ndi mwala chifukwa hamala analibe, ndi galasi lalitali limene analigula atasoka madiresi a ukwati usiku ndi usana. Anachotsa phazi pa chopalasira.

"Alamu, ndikufunseni. Pa malole anu aja, woyendetsa akafuna kupita kumaliro amatani?"

"Amandipempha, nanga n'kutani."

"Ndiye inenso ndizikupemphani? Muno?"

"Aa, alamu, musatengere patali. Ndi pepala chabe."

"Pepala chabe! Ndi pepala chabe lomwelo limene landifikitsa pano. Lija sindinaliwerenge, koma lanuli mwandiwerengera nokha mokweza, ndipo ndalimva bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zikomo, alamu, koma ayi."

Mkuluyo anaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Mng'ono wanga, mkazi wakoyu matama amupha. Dzina lake linada kale, palibe amene angamukongoze ngakhale singano."

"Linada ndi bilu ya foni, osati ndi kuba," anatero a Tsabola, ataimirira tsopano. "Ndinalidetsa ndekha, ndidzalichapa ndekha. Mwezi ndi mwezi, yonse, mpaka kalaliki uja adzandiimirire pondipatsa moni. Koma kuti ndilivule n'kuvala lanu, zimenezo iwalani."

Anatenga foni ija pa shelefu n'kuimbira bwana wa kampani ya magalimoto, onse akumva. Mawu awo anatuluka owongoka.

"Bwana, ndine telala uja. Makina aakulu sindinawapeze, ndipo sindikufuna kukunamizani. Pa makina amene ndili nawo ndingakwanitse maovololo makumi anayi, osokedwa bwino. Mazana awiri sindingathe."

Mawu a bwanayo ankamveka m'shopu monse. "Mayi, ife tikufuna onse kwa munthu mmodzi. Onse kapena ayi."

A Tsabola anayandikitsa foni pakamwa.

"Ndiye apatseni ena, bwana. Zikomo pondiganizira."

Anadula foni n'kuiika pansi mosamala. Amuna awo anakhala pa mulu wa nsalu. Alamu aja anadzuka, n'kusasa thalauza lawo.

"Mudzalira, alamu. Ndikukuuzani ine, mudzalira."

"Ndilira, inde. Mwina lero lomwe, mukangotuluka. Koma ndilirira m'shopu yanga."

Mkuluyo anatuluka akung'ung'udza, ndipo anasiya chitseko chili pululu. Amuna a a Tsabola anakhalabe pamenepo, osadziwa kuti atsatire mkulu wawo kapena atsale. Mapeto ake anadzuka, anatseka chitseko chija, n'kubwerera pa mulu wa nsalu.

Ndipo a Tsabola analiradi, osabisa nkhope, misozi ikugwera pa thalauza la mwini wake limene linali pa makina. Atatha anapukuta m'maso ndi mkono, n'kuyesa kulowetsa ulusi pa singano. Kawiri konse anaphonya.

"Bambo a m'nyumba, musangokhala ngati mlendo," anatero, akuwapatsira ulusiwo. "Maso anu ndi ouma. Tandilowetserani, mwini thalauzali akubwera folo koloko."