Anachotsa mawu a mwamuna wanga mu gemu

Tsiku limene ndinavula zakuda sindinapite kumanda. Ndinapita ku intaneti kafe ya ba Desmond, kuseri kwa msika wa Matero, kuti ndikamve mawu a mwamuna wanga.

Ndifotokoze kaye, chifukwa anthu akamva zimenezi amaganiza kuti maliro anandisokoneza mutu. Mwamuna wanga, ba Wilbroad Ngosa, amene ine ndinkawaitana kuti bashi Mwansa, kutanthauza bambo a Mwansa, ankagwira ntchito ya makompyuta pa kampani ina ya boma. Kampaniyo itagulitsidwa, anawachotsa ntchito pamodzi ndi anzawo ambiri. Amuna ena anayamba kachasu, ena anayamba kugulitsa salaula, zovala za kaunjika. Wanga anagwirizana ndi mnzake wa kuntchito, Desmond Kapambwe, n'kutsegula kafe ya makompyuta akale m'kachipinda komwe poyamba ankagulitsiramo nyama.

M'menemo ndi m'mene anapezana ndi gemu ija. Ndi gemu ya zombo zouluka pakati pa nyenyezi. Wa ku Matero akuyendetsa chombo chake, wa ku Brazil chake, wa ku Poland chake, onse mumlengalenga umodzi, kuthamangitsana, kuwomberana, kunyamula katundu. Ilibe mwini wake. Aliyense wodziwa kulemba malamulo a kompyuta, amene iwo amati khodi, akhoza kuwonjezera chake n'kutumiza, ndipo akuluakulu oyang'anira gemuyo akavomera, chimalowa kwa onse. Malipiro palibe. Zimenezi zinkandinyansa ndipo sindinkabisa. Bambo wandevu, mwana akutsokomola m'nyumba, iwo ali kalikiliki kukonza mabuleki a chombo choti sichidzanyamula ngakhale thumba limodzi la makala, amene kuno timati malasha.

Koma chinthu chimodzi chimene anapanga chinafika kutali. Poyamba chombo chikafika pa siteshoni ya kumwambako, kunkangolira belu. Bashi Mwansa anati siteshoni yopanda woitanira si siteshoni. Analemba khodi yoti siteshoni izilankhula, ndipo mawu ake anajambula okha kunyumba kwathu, masana, ndi kamaikolofoni ka waya womanga ndi selotepi. Ankaitanira ngati anyamata a maminibasi a ku Mandevu ndi Marapodi: "Bwelani, bwelani, malo yalipo. Fendelani kumbuyo, bakamba." Ali mkati mojambula, madzi anabwera pampopi wa m'komboni umene unali utauma kuyambira dzulo lake. Ine ndili panja ndinakuwa kuti, "Bashi Mwansa, manzi yabwela! Mufuna ninyamule neka vigubu?" Iwo anaseka, n'kuyankha kuti, "Nibwela, mayo," kenako n'kupitiriza kuitanira zombo. Sanafufute. Anatumiza momwemo, ndipo akunjawo anavomera.

Anadwala nthawi yaitali, n'kumwalira. Abale awo anabwera kuchokera ku Kopala, kumigodi, ndi lole. Bedi, mipando, firiji, wailesi, makaseti, ngakhale buku la zithunzi, zonse anakweza, ati ndi za kwawo. Ine ndi mwana wanga Mwansa tinasamukira kwa mkulu wanga ku komboni ya George. Chaka cha zakuda ndinachikhala monga amafunira, osayendayenda, osakweza mawu. Tsiku lina ndikusenda mbatata zokagulitsa, ndinayesa kukumbukira mmene ankatchulira dzina langa, Felistus, ndipo ndinalephera. Nkhope ndinkaiona. Mawu anali atayamba kuthawa. Ndinadzilimbitsa mtima kuti abale awo atenga zonse, koma kumwamba kuja lole sifika.

Ndiye ndinalowa mu kafe muja dzuwa lili pamutu. Munali fungo la thukuta ndi fumbi lotentha, makompyuta onse ali ndi anthu. Ba Desmond anaimirira msanga, tayi pakhosi ngati akupita kukalalikira.

"Mulamu, mwavula? Mulungu ni wabwino. Nkhalani apa."

"Sininabwele kunkhala. Niyatsileni ija gemu, nifuna kumvela bashi Mwansa."

Anayang'ana pansi. Anayang'ana kudenga.

"Mulamu, lelo netiweki ivuta."

"Aba bonse basewela na chani? Na malasha?"

Anachotsa munthu wina pampando, n'kundiveka zomvera m'makutu. Anayendetsa chombo okha, ine ndikuyang'ana. Siteshoni inakula pagalasi, zitseko zake zikutseguka. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Kenako kunalankhula mkazi. Chizungu chosalala, chozizira, ngati cha pa wailesi ya kunja.

Ndinavula zomvera zija pang'onopang'ono.

"Uyu ni ndani?"

"Ni mawu yatsopano, mulamu. Gemu inasintha. Manje kuli vinthu vambili, chombo chikafa munzako angakukoke, kuli na mapu ya nyowani, olo kugulisana katundu..."

"Sininafunse mapu. Nafunsa uyu mukazi ali pa siteshoni ya bamuna banga ni ndani."

"Si munthu. Ni kompyuta chabe ikamba."

"Mwachosa munthu, mwaikapo chinthu chamene si munthu."

Anthu anasiya kugogoda mabatani, koma palibe anatembenuka.

"Ndani anachosa?" ndinafunsa. "Nipaseni zina yake, olo ankhale ku Poland."

Ba Desmond ndi munthu wopemphera, ndipo kunama kumawavuta, kumawatulutsa thukuta pamphuno. Anapukuta, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Sininganame. Nine ninalemba ija khodi. Nine ninatuma."

Akanakhala mzungu wosandidziwa ndikanatukwana n'kutuluka. Koma uyu ankadya kunyumba kwanga. Uyu ananyamula bokosi kumanda, kutsogolo, mbali ya kumutu. Uyu analankhula pamaliro kuti ntchito za m'bale wathu sizidzaiwalika, mpaka azimayi anayambiranso kulira.

Anayamba kufotokoza. Ati gemu inakula, osewera atsopano anachuluka, ndipo anayamba kudandaula kuti mawu a siteshoni ali ndi phokoso. Kumamveka tambala, kumamveka mkazi akukuwa. Wina analemba kufunsa ngati kompyuta yake yawonongeka. Wina anafunsa ngati mkaziyo akumenyedwa. Wina atamasuliridwa kuti ndi nkhani ya madzi, anaseka, n'kuyamba nthabwala zoti ku Africa ali ndi zombo za kumwamba koma alibe mpopi.

"Benze kutiseka, mulamu. Ninamvela nsoni."

"Nsoni ya chani? Ya manzi? Kwanu ku Matero yamachoka mu mupopi wa golide?"

"Ninafuna chabe bazitiona monga banthu ba nzelu."

"Mwamuna wanga anali na nzelu na tambala kumbuyo kwake. Imwe munadikila afe, ndiye muyambe kusesa."

Ndinawauza zambiri. Sindizilemba zonse chifukwa mwana wanga adzawerenga. Ndinawauza kuti abale a bashi Mwansa anali abwinoko, chifukwa anabwera masana ndi lole, aliyense akuona. Iwo anaba atavala tayi, ndi zala, mwakachetechete, podziwa kuti mkazi wamasiye ali m'zakuda ndipo sangabwere kudzaona.

Anandisiya ndimalize. Kenako anati palibe chimene chinatayika. Ati m'gemu imeneyi chilichonse chimene munthu anawonjezerapo chimasungidwa, ngakhale chitachotsedwa, ndipo aliyense akhoza kuchitenga. Ati iwonso mtima sunawapatse mtendere, choncho anakhala akukonza mawu akale aja kuti ayere. Akuluakulu a gemu anali atavomera kale kuti akayera, awabwezera, wosewera azisankha yekha amene akufuna, mkazi uja kapena bashi Mwansa.

"Dziko lonse izabamvela futi, mulamu. Mvelani chabe."

Ndinavalanso zomvera zija.

Anali iwo, koma sanali iwo. Mawu ankamveka ngati munthu akulankhulira m'chitini. "Bwelani, bwelani, malo yalipo." Tambala palibe. Ine palibe. Ndipo pamene anadula ine, anadulanso kuseka kwawo, chifukwa anaseka ine ndisanamalize kukuwa, mawu athu anali atalowana. "Nibwela, mayo" panalibenso. Panali kabowo chabe, kenako munthu wa m'chitini uja n'kupitiriza.

"Manje niikileni yeniyeni," ndinatero.

Anaika. Tambala analira. Mwamuna wanga anaitanira zombo ndi mawu ake onse, okandapala, okoka pang'ono kumapeto monga amachitira a ku Kopala. Ndinamva chitseko chathu chikulira, chija ankati akonza mawa. Ndinadzimva ndekha ndikukuwa za zigubu. Kenako anaseka. Ndinali nditaiwala kuti akamaseka ankayamba ndi mphuno.

Sindinalire. Ndinawauza kuti abwereze, ndipo anabwereza.

"Iyi bakunja sibazavomela," anatero ba Desmond. "Ningaike pa makompyuta ya muno chabe. Futi gemu ikasintha, yatsopano izafafaniza, nifunika kubwezela na manja, imozi imozi. Koma ija yoyela izankhala kosatha, kulikonse. Ganizani bwino, mulamu. Ni zina ya Wilbroad."

Ndinaganiza, musaone ngati sindinaganize. Bashi Mwansa ankanyadira kwambiri kuti munthu wa ku Brazil amamva mawu awo. Ankabwera kunyumba n'kundiuza ngati apambana mpira. Kukana kunali kuwabweza kuchokera ku dziko lonse n'kuwatsekera m'kachipinda konunkha nyama yakale. Koma munthu wa m'chitini uja sindinakwatiwe naye. Ndipo mwini wake anamva tambala, anamva ine, anali ndi mpata wofufuta, koma anatumiza momwemo.

"Babululu bake, baja ba lole, bananichosa mu nyumba," ndinatero. "Imwe mufuna kunichosa mu mawu. Bwezelani yonse. Bakunja basunge mukazi wawo."

"Mulamu..."

"Sinichoka muno mpaka kompyuta iliyonse ikambe."

Ndinakhala pa kabenchi ka pakhomo, chikwama pamiyendo. Anayenda kompyuta ndi kompyuta, kupempha anthu kuti aime kaye. Atamaliza anakweza sipika kuti nditsimikize. Chombo chinafika, tambala analira, ine ndinakuwa, ndipo mwamuna wanga asanayankhe, kafe yonse inayankha pamodzi kuti, "Nibwela, mayo."

Bambo wina wachikulire, ba Nkole, kondakitala wa minibasi amene amadzasewera akaweruka, ananditembenukira akumwetulira.

"Kanshi ndimwe ba manzi? Mama, ise tinali kuyewa iyi. Muno munthu akaitaniwa na mukazi wake, ndiye mwamene timayankhila."

Ankaganiza kuti ndisangalala kumva kuti ankawasowa mawuwo.

"Munali kuyewa," ndinatero. "Miyezi yonse iyi munkhala pano, bamuchosa munzanu, palibe olo umozi anasegula pakamwa. Kufikila abwele mukazi wogulisa mbatata."

Kumwetulira kunatha. Ndinatenga chikwama changa n'kutuluka, osatsanzika.

Tsopano ndimapita Loweruka lililonse ndikamaliza kugulitsa. Gemu imasinthasintha, anthu ake sakhala pansi, lero awonjezera mfuti, mawa nyenyezi. Nthawi zina ndimapeza mkazi uja wabwerera pa siteshoni. Sindikuwanso. Ndimangokhala pa kabenchi kaja n'kuyang'ana ba Desmond, iwo n'kudzuka kuyamba kuzungulira makompyuta. Amandipatsa moni, ndimayankha. Anayesa kundigulira chakumwa, ndinakana. Kunja konse bashi Mwansa kulibenso, ndikudziwa, ndipo ndine ndinasankha. Pali masiku ena zimandiwawa. Koma sindinapitepo kukawauza kuti atumize ya m'chitini ija.

Loweruka lapitali ndinatenga Mwansa. Zomvera zinali zazikulu, anazigwira ndi manja onse awiri. Anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pagalasi. Atavula anandifunsa kuti, "Mayo, nanga ba tata banabwela kunyamula vigubu?"

"Sibanabwele," ndinamuuza. "Ninanyamula neka."