Pepala Lonena Kuti Asiyatu Analibe Chipembedzo

Mkazi wanga Asiyatu anamwalira Lachitatu m'mawa m'chipatala china kuno ku Perth. Pa pepala lake la kuchipatala panalembedwa kuti analibe chipembedzo. Analemba ndi mwana wathu Sumani, koma amene anamulamula kulemba bodza limenelo ndine Twaibu, amene ndinakhala naye pa banja zaka makumi anayi.

Asiyatu anali Msilamu weniweni. Kwathu ku Machinga sankaphonya swala, mapemphero athu a tsiku ndi tsiku. Tinabwera kuno zaka zitatu zapitazo kudzakhala ndi Sumani ku Armadale. Mwezi woyamba womwewo tili m'sitima, mzungu wina anaimirira pamaso pa Asiyatu n'kuyamba kukalipa akuloza mpango umene anafunda kumutu. Chingerezi chake sindinachimve, koma malovu amene analavulira pafupi ndi mapazi ake ndinawaona. Anthu ena onse anangoweramira mafoni awo.

Titafika kunyumba ndinati, "Amake Sumani, mpangowo uikeni m'sutikesi. Kuno n'kwa eni ake. Muzivala chipewa."

"Chipewa ngati ndikupita kudimba?"

"Chomwecho. Ndipo wina akafunsa, ife sitipemphera."

Anauvula mpangowo. Anavala chipewa zaka zitatu. Ankaswali kuchipinda atatseka makatani.

Impso zake zitayamba kuvuta, anamugoneka m'chipatala. Sumani akulemba fomu anati, "Ababa, apa akufunsa chipembedzo."

"Lemba kuti palibe. Boma likamafuna kudziwa zako, sikuti lakukonda."

"Kuno sizili choncho, ababa."

"Iwe ukudziwa chiyani? Lemba."

Lolemba, masiku awiri asanamwalire, Asiyatu anandigwira dzanja. "Bambo a Sumani, zonse ndakumverani. Ndikupempha chimodzi. Andisambitse amayi achisilamu, andikulunge mu nsanda, nkhope yanga iyang'ane ku Maka. Musandisunge mufiriji masabata ngati usipa."

Ndinavomera, koma sindinkadziwa kuti ndidzayambira pati.

Atamwalira, kunabwera mayi wina wa ofesi yothandiza mabanja pachipatalapo. Anapatsa Sumani mndandanda wa makampani a maliro. Sumani anandimasulira kuti thupi lipita kumochale, kuti mabanja ambiri amadikira sabata imodzi kapena awiri, ndiponso kuti ena amasankha kuwotcha.

Nditamva za kuwotcha, ndinatuluka. Ndinakakhala pa benchi panja pa wodi. Mumtima ndinkati, ndikanena tsopano kuti ndife Asilamu, anena kuti tinanamiza boma. Adzatilanda mapepala okhalira m'dziko muno. Mwina Sumani adzachotsedwa ntchito ku Kewdale. Ndikakhala chete, mkazi wanga aikidwa ngati munthu wosadziwa Mulungu.

Ndili pomwepo anatulukira mayi Kangwa, amene tinayandikana nawo nyumba. Ndi a ku Chipata ku Zambia, amapemphera Sabata, ndipo ndi namwino kunyumba yosamalira okalamba. Ananyamula fulasiki ya tiyi, osadziwa kuti mnzawo wapita. Ataona nkhope yanga anaika fulasiki pansi n'kulira. Atatonthola anafunsa, "Ba Twaibu, kumzikiti mwauza kale?"

"Mzikiti wanji?"

"Manje mufuna kunama na ine? Mzimayi wosadya masana mwezi wathunthu, ati ali pa dayeti, chaka chilichonse nthawi imodzimodzi? Soseji yanga kubweza katatu? Ninadziwa kalekale."

Ndinawauza zonse, za m'sitima, za chipewa, za fomu ija.

"Ba Twaibu, mverani," anatero. "Boma la kuno lilibe tchalitchi chake, lilibe mzikiti wake. Silisankhira munthu kopemphera, ndipo silichotsa munthu m'dziko chifukwa ndi Msilamu. Funso lija pa fomu sili la apolisi. Amafunsa kuti adziwe mosamalira wodwala. Ine ninauza abwana anga tsiku loyamba kuti Loweruka ni Sabata langa. Tinakhala pansi, tinagwirizana, nimagwira Lamlungu."

"Inu ndinu Akhristu. Nanga uja wa m'sitima?"

"Uja sanali boma. Anali munthu wamwano, ndipo amene analakwa ni iye. Mukanauza alonda a m'sitima kapena apolisi. Anthu otere alipo, sinikana. Koma lamulo silili kumbali yawo."

"Nanga bodza lija?"

"Sanakulumbiritseni mukhoti. Pepala limakonzeka. Imirirani, nthawi ikutha."

Sindinawakhulupirire. Ndinaimirira chifukwa panalibe kwina kopita.

Tinalowa atatu mu ofesi ya mayi wothandiza mabanja uja. Sumani analankhula, ine ndikuyang'ana pakhomo kuti mwina pabwera wapolisi. Mayiyo anamvetsera, anagogoda pa kompyuta pang'ono, n'kunena kuti zakonzeka. Kenako anandiyang'ana n'kulankhula mofatsa. Sumani anazengereza kumasulira.

"Akuti chiyani?"

"Akuti pepani. Akuti akanadziwa, bwenzi akuwapatsa amayi chakudya cha halali, komanso akanaitana Shehe kudzawawerengera duwa, pemphero lathu lija, ali moyo."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa malovu a m'sitima aja. Masabata atatu Asiyatu ankangodya buledi ndi tiyi, nyama akukankhira pambali, ine ndikuti ndi matenda.

Mayiyo anatipatsa nambala ya anthu a kumzikiti amene amayendetsa za maliro. Anapemphanso dokotala kuti asaine msanga mapepala a imfa, ndipo anauza anamwino kuti thupi lisasambitsidwe mpaka eni ake atabwera. Sumani ataimba foni, Shehe sanafunse kuti tinali kuti zaka zonsezi. Anangofunsa dzina la malemu ndi wodi.

Madzulo a tsiku lomwelo thupi linatengedwa. M'mawa mwake amayi anayi analisambitsa. Awiri anali a ku Somalia, wina wa ku Indonesia, ndipo wachinayi anali mzungu wa konkuno atafunda mpango wake. Ameneyo ndinamuyang'anitsitsa kwambiri. Mayi Kangwa anakhala panja pa chitseko mpaka anamaliza.

Tinamuika Asiyatu Lachinayi itatha swala ya masana. Kumanda a boma kuli chigawo cha Asilamu, ndipo manda onse kumeneko anayang'ana mbali imodzi. Ine ndi Sumani tinatsikira m'manda, tinamugoneka cham'mbali kudzanja lamanja, nkhope ikuyang'ana ku Maka monga anandipempha. Kumbuyo kwathu kunaima anthu a kutchalitchi kwa mayi Kangwa ndi Amalawi ena a mipingo yosiyanasiyana, zipewa zili m'manja. Palibe anabwera kudzatiletsa.

Titabwerera kunyumba ndinatsegula sutikesi kufuna mpango uja. Munalibe. Ndinaupeza m'chikwama chake cha m'manja chimene tinabwera nacho kuchokera kuchipatala, atausita bwino n'kuupinda. Ankayenda nawo kulikonse zaka zitatu zonsezo, kudikira tsiku limene ndidzanene kuti afunde.

Sindikunena kuti dziko lino ndi la angelo. Munthu wa m'sitima uja mwina akukwerabe sitima yomweyo, ndipo ine mpaka lero ndikaona fomu mtima umagunda. Koma amene anavula mkazi wanga mpango si iye. Ndine.

Kwa inu amene mwabwera kumayiko ano, Asilamu ndi ena onse, ndikunena izi. Kupemphera mmene mumapempherera ndi ufulu wanu, ndipo boma silikhala la chipembedzo chimodzi. Akakufunsani kuchipatala, nenani zoona kuti akusamalireni moyenera muli moyo ndiponso mutamwalira. Wina akakunyozani chifukwa cha chovala kapena pemphero lanu, kanenezeni, osati kubisala. Ngati simukumvetsa pepala, funsani womasulira kapena mnansi amene wakhalitsa kuno. Musadikire maliro ngati ine.

Sabata yatha Sumani anandiperekeza kukiliniki kukayezetsa shuga. Anatipatsa fomu yatsopano. Atafika pa funso lija anaimitsa cholembera n'kundiyang'ana.

"Lemba kuti Msilamu," ndinatero. "Ulembe zilembo zikuluzikulu."